Kulira kwa Lancaster: Chikondwerero Kapena Chiliza?

M'chigawo cha Lincolnshire, kum'maŵa kwa dziko la England, muli mudzi waung'ono wotchedwa East Kirkby. Malo ake ndi achidikha, minda ya tirigu ili mbali zonse, ndipo mlendo wongodutsa pa galimoto sangaganize kuti pamenepo padachitikapo kanthu. Komabe masiku ena m'nyengo yofunda anthu ambirimbiri amasonkhana pa bwalo lakale la ndege la m'mudzimo, ena atagwira ana pa dzanja, ena akuyendetsa makolo awo okalamba pa njinga za olumala, kudzaona ndege imodzi imene siuluka n'komwe. Amisiri amadzutsa injini zake zinayi imodziimodzi mpaka nthaka kuyamba kunjenjemera. Ndegeyo imayenda pang'onopang'ono pa bwalo, n'kutembenuka, n'kubwerera pamene idachokera. Pakati pa oonererawo sipalephera kukhala wina wogwira chithunzi chakale cha mnyamata wovala yunifomu, misozi ili m'masaya.

Ndegeyo ndi ya mtundu wa Avro Lancaster, imodzi mwa ndege zoponya mabomba zimene Angerezi adamenyera Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse. Amene adaigula m'chaka cha 1983 ndi alimi aŵiri a nkhuku, Fred ndi Harold Panton, munthu ndi mng'ono wake. Mkulu wawo Christopher adapita ku nkhondo ali mnyamata ndipo sadabwerereko. Iye anali woyang'anira injini m'ndege ya mtundu wina, wa Halifax, ndipo adafa ali ndi zaka 19 usiku wa pa 30 Malichi 1944, pamene ndege 795 zidatumidwa kukaphulitsa mzinda wa Nuremberg ku Germany, 95 mwa izo n'kutsakamira komweko. Usiku umodzi wokhawo anyamata oposa 500 adatha. Abale aŵiri aja adakula ndi chilonda chimenechi mumtima, ndipo atapeza bwino adagula mbali ina ya bwalo la ndege lija, nakhazikitsapo nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndegeyo kukhala pakati pake. Mmalaŵi akafuna kukumbuka mbale wake amamanga chiliza pa manda, naitana achibale kudzachiona. Chiliza cha a Panton chili ndi mapiko, ndipo chimalira.

Nkhani imeneyi ikudzutsa funso limene anthu a ku Ulaya ndi ku America akhala akukangana nalo kwa zaka zambiri, ndipo n'loyenera kuti aphunzitsi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu alilingalire, pakuti likukhudza mmene mtundu uliwonse umakumbukira akufa ake. Kodi n'chanzeru kutaya chuma chochuluka pokonzanso makina amene ntchito yake inali kupha anthu, n'kumaŵaulutsa pa zionetsero khamu likuomba m'manja? Yankho la nkhani ino n'lakuti ndege zimenezi zisungidwe ndithu, ndipo pamene kuli kotheka ziuluke, koma pakhale pangano limodzi: ziziuluka ngati chiliza cha onse amene adafa chifukwa cha izo, a m'kati mwake ndi a pansi pake omwe. Panganoli likaphwanyidwa, chionetserocho chimasanduka bodza.

Anyamata asanu ndi aŵiri

Kuti munthu amvetse misozi ya pa East Kirkby, ayenera kuyamba wadziŵa chimene Lancaster inali. Amene adailinganiza ndi Roy Chadwick wa kampani ya Avro. Idauluka koyamba mu Januwale 1941, ndipo idayamba kupita ku nkhondo mu 1942. Zonse pamodzi zidapangidwa 7,377, zina ku Britain, zina ku Canada, ndipo zoposa 3,200 zidagwa pa nkhondo. Mapiko ake, kuyambira nsonga ina kufika inzake, anali mamita 31, ndipo inkayenda ndi injini zinayi za Rolls-Royce Merlin. M'kati mwake munkakhala anthu asanu ndi aŵiri: woyendetsa, woyang'anira injini, wolondola njira, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi oombera mfuti aŵiri, wina pamsana pa ndege, wina ku mchira.

Anthu ameneŵa anali anyamata odzipereka okha, ambiri a zaka za pakati pa 19 ndi 25, ausinkhu wa iwo amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4 kapena amene ali ku koleji ya aphunzitsi. Ankanyamuka dzuŵa litaloŵa, n'kuuluka maola asanu ndi atatu kapena kupitirira, mumdima ndi m'chisanu chofika madigiri 40 pansi pa ziro, uku mizinga ikuŵaombera kuchokera pansi, uku ndege za adani zikuŵasaka. Lamulo linali lakuti munthu apite maulendo 30 asanapumule. Mwa anyamata pafupifupi 125,000 amene adauluka m'nthambi ya Bomber Command, 55,573 adafa. Mphunzitsi wa masamu angathe kuŵerengera ndi ana ake pa bolodi: pa anthu 100 alionse, 44 sadabwerere. M'kalasi la ana 50 ndiye kuti malo a ana 22 atsala opanda munthu.

Chiŵerengero chotere chimakhala pa pepala, sichifulumira kuloŵa mumtima. Apa ndi pamene ndege yeniyeni imaposa buku. Mdzukulu amene adangomva kuti agogo ake anali woombera mfuti wa ku mchira, akakwera m'ndege ya pa East Kirkby amaona ndi maso ake kuti pofuna kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo munthu ayenera kukwaŵa pamwamba pa mtanda waukulu wachitsulo umene umagwira mapiko. Amaona kuti kachipinda ka ku mchira n'kochepa kwambiri, kotero kuti woomberayo ankapachika parachuti yake kunja kwa titseko take. Amaona kuchepa kwa khomo lothaŵira, nazindikira chifukwa chimene opulumuka ankakhalira oŵerengeka ndege ikagwira moto. Injini zikalira pafupi naye mpaka chifuwa kugunda, amamvetsa chifukwa chimene nkhalamba ija sinkakondera kufunsidwa za ku nkhondo.

Mwa ndege 7,377 zija, ziŵiri zokha ndizo zasungidwa mwa njira yoti n'kuuluka. Ina ndi ya gulu la Battle of Britain Memorial Flight, limene limakhala ku Coningsby, ku Lincolnshire komweko. Inzake ili ku Hamilton m'dziko la Canada, ndipo idaulukanso mu 1988 atatha zaka zambiri akuikonza. Ya ku Canada imeneyi adaipaka zizindikiro za ndege imene munali Andrew Mynarski, mnyamata wa ku Winnipeg. Usiku wa pa 12 Juni 1944 ndege yawo idaomberedwa pafupi ndi Cambrai ku France niyamba kuyaka. Anzake atalumpha, Mynarski adaona kuti Pat Brophy, woombera wa ku mchira, watsekeredwa m'kachipinda kake. Adakwaŵa kudutsa m'moto, nayesa kutsekula titseko ndi nkhwangwa, kenaka ndi manja, mpaka zovala zake ndi parachuti yake zidagwira moto. Atalephera adalumpha akuyaka, ndipo adafa ndi mabala a motowo. Chodabwitsa n'chakuti Brophy adapulumuka pamene ndegeyo idagwa, ndipo ndiye adadzasimba zonsezi. Mu 1946 Mynarski adapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, iye ali m'manda.

Mu Ogasiti 2014 ndege ya ku Canada idaoloka nyanja ya Atlantic, kudzera ku Iceland, kukakumana ndi inzake ku Coningsby. Padali patapita zaka pafupifupi 50 chionekereni Lancaster ziŵiri zikuuluka pamodzi. Anthu adadzaza m'misewu ndi m'mabwalo kulikonse kumene zidadutsa, ndipo pakati pawo panali nkhalamba za zaka zoposa 90 zimene kale zidauluka m'ndege zoterezi. Ambiri a iwo ankadziŵa kuti phokoso limenelo akulimva kotsiriza.

Zaka za kukhala chete

Chimene chimachititsa mabanja aŵa kuumirira chotere n'chakuti kwa nthaŵi yaitali dziko lawo lomwe linkaoneka ngati likuchita manyazi ndi ana awo. Nkhondo ya ku Ulaya itatha mu Meyi 1945, Winston Churchill adalankhula pa wayilesi kuthokoza magulu osiyanasiyana a nkhondo, koma ntchito ya Bomber Command adailumpha. Anyamatawo sadapatsidwe mendulo yawoyawo. Chipilala chowakumbukira mu mzinda wa London chidatsekulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II pa 28 Juni 2012, patapita zaka 67, ndipo ndalama zake zidachokera m'matumba a anthu. Tsiku limenelo Lancaster ya ku Coningsby idauluka pamwamba pa Green Park nimwaza maluŵa ofiira a chikumbutso. Mu 2018 padatsekulidwanso malo ena pafupi ndi mzinda wa Lincoln, pamene pali nsanja yotalika mamita 31, muyeso wa mapiko a Lancaster, ndi makoma achitsulo olembedwa maina a akufa pafupifupi 58,000.

Mayi amene adalandira telegalamu mu 1944 sadakhale ndi moyo kufikira 2012. Adapita ku manda mwana wake asadatchulidwe poyera. Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Munthu sangaleke kulira mbale wake chifukwa chakuti andale asintha maganizo pa ntchito imene iwo omwe adamutuma. M'zaka zonse zimene boma lidali chete, alimi ngati a Panton ndi amisiri odzipereka m'mashedi ozizira ndiwo adasunga chikumbutso chimenechi, ndipo palibe amene angaŵadzudzule pa chimenecho.

Amene anali pansi

Komatu manyazi a boma aja sadangobuka popanda chifukwa, ndipo nkhani yoona iyenera kuchitchula. Poyamba pa nkhondo ndege zinkatumidwa kukaphulitsa mafakitale ndi madoko. Mu Ogasiti 1941 kafukufuku wa boma, amene amadziŵika ndi dzina lakuti Butt Report, adaonetsa kuti mwa ndege zitatu zimene zinkati zaponya mabomba pa malo ofunika, imodzi yokha ndiyo inkafika pa mtunda wa mamailosi asanu kuchokera pamalopo. Mumdima fakitale sinkaoneka, koma mzinda unkaoneka. Tsono mu Febuluwale 1942 padatuluka lamulo lakuti ndege ziziphulitsa mizinda yathunthu, kuti anthu ogwira ntchito asoŵe pogona ndi kutaya mtima. Mwezi womwewo Arthur Harris adapatsidwa udindo wotsogolera Bomber Command, ndipo lamuloli adalitsata ndi mtima wake wonse kufikira nkhondo itatha.

Zotsatira zake n'zoopsa kuzisimba. Mu Julayi 1943 mzinda wa Hamburg udayaka moto waukulu chotere kuti motowo udadzutsa mphepo yamkuntho, anthu n'kumafera m'zipinda za pansi m'mene adabisala chifukwa chosoŵa mpweya. Adafa pafupifupi 37,000. Pa 13 mpaka 15 Febuluwale 1945 ndege za Angerezi ndi za ku America zidapsereza Dresden, ndipo akatswiri a mbiri yakale amene mzindawo udaŵasankha adapeza mu 2010 kuti akufa adafika pafupifupi 25,000. Ngakhale ulendo wotchuka wa pa 16 Meyi 1943, pamene Lancaster 19 za gulu la 617 zidapita kukagumula madamu a ku Ruhr, uli ndi mbali ziŵiri. Mwa anyamata 133 amene adapita, 53 adafa. Madzi amene adasefukira adapha anthu oposa 1,300, ambiri a iwo akaidi ndi akazi ochokera kum'maŵa kwa Ulaya amene Ajeremani adaŵagwira kuti azigwira ntchito yathangata. Anthu wamba a ku Germany amene adafa ndi mabomba pa nkhondo yonseyo adaposa 350,000.

Wina angati kudzudzula zimenezi lero n'kosavuta, popeza wodzudzulayo sadaone nkhondo. Koma odzudzula analipo nthaŵi yomweyo. Pa 9 Febuluwale 1944 Bishopu George Bell wa ku Chichester adaimirira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords natsutsa poyera kuphulitsa mizinda mosasankha. Churchill mwini wake, mu Malichi 1945, adalemba kalata yokayika ngati njirayi iyenera kupitirira. Mbali inayo nayo ili ndi mawu ake olemera. Ajeremani ndiwo adaphulitsa Warsaw, Rotterdam, London ndi Coventry, ndipo ku Britain kokha anthu wamba oposa 40,000 adafa m'miyezi ya pakati pa Seputembala 1940 ndi Meyi 1941. Boma limene anyamata aja ankamenyana nalo ndi lomwe lidapha Ayuda 6 miliyoni. Mkangano wakuti kuphulitsa mizinda kudafupikitsa nkhondo motani sudathe pakati pa ophunzira. Chimene sichingakanidwe n'chakuti mwana amene adapsa ku Hamburg sadasankhe Hitler, monganso Christopher Panton sadalembe lamulo la mu Febuluwale 1942.

Chitsanzo cha mmene chionetsero chingasokerere chidaoneka mu Okutobala 1976 ku Harlingen, m'chigawo cha Texas ku America. Kumeneko adaulutsa ndege yokonzedwanso ya mtundu wa B-29, woyendetsa wake ali Paul Tibbets, munthu yemwe uja adaponya bomba la atomiki pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Ndegeyo ikudutsa, pansi adaphulitsa zinthu zotulutsa utsi wooneka ngati bowa, khamu likuonerera. Anthu a ku Japan adakwiya kwambiri, ndipo boma la America lidapepesa. Okonza chionetserocho adati ankafuna kuphunzitsa mbiri yakale. Koma amene asandutsa imfa ya anthu zikwizikwi kukhala seŵero la masana waphunzitsa ana chinthu chimodzi chokha, chakuti nkhondo n'chinthu chokoma kuchionerera.

Mtanda wa ku Dresden

Njira ina yokumbukira mbale ilipo, ndipo adaionetsa ndi mmisiri wosula golide wa ku London, dzina lake Alan Smith. Bambo ake anali m'gulu la anyamata amene adaphulitsa Dresden. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, Frauenkirche, chidagwa patapita masiku aŵiri chiyambireni moto uja, ndipo chidakhala mulu wa miyala zaka zoposa 45. Germany atagwirizananso mu 1990, anthu adaganiza zochimanganso. Angerezi adasonkha ndalama kudzera m'bungwe la Dresden Trust kuti apereke mtanda wagolide wokaikidwa pa nsonga, ndipo mmodzi mwa amene adausula ndi Smith. Mtandawo adaukweza mu Juni 2004, ndipo tchalitchicho chidadalitsidwa pa 30 Okutobala 2005. Smith sadakane bambo ake, sadaŵatukwane, komanso sadanene kuti ku Dresden sikudachitike kanthu. Adagwiritsa ntchito manja amene bambo akewo adamulera nawo pokonza chimene chidagumuka. Mizinda ya Coventry ndi Dresden, yonse iŵiri yopsa ndi mabomba, idapalana ubwenzi kuyambira kale m'zaka za m'ma 1950.

Pa chipilala cha ku Green Park padalembedwanso mawu okumbukira anthu a mitundu yonse amene adafa ndi mabomba pa nkhondoyo. Mzimu umenewu ndi umene uyenera kukhala pa chionetsero chilichonse. Wolengeza pa chimkuzamawu, akatha kutchula liŵiro la ndege ndi kulemera kwa katundu wake, anenenso kuti katunduyo anali chiyani, ankagwera pa yani. Akatha kusimba za Mynarski, asimbenso za akazi a m'misasa ya ku Ruhr. Pakhale mphindi imodzi yokhala chete ndegeyo itadutsa. Zimenezi sizichepetsa ulemu wa anyamata aja, pakuti ambiri a iwo adasenza katundu wa zimene adaona pansi pawo kufikira tsiku la imfa yawo. Maliro n'kulirana, ndipo banja limene lifuna kuti ena amve chisoni chake liyenera kupereka malo pa mkeka kwa banja la tsidya lina.

Pali chodandaulitsa china chimene sichiyenera kubisidwa: ndege za zaka 80 zimagwa. Pa 2 Okutobala 2019 ndege ya mtundu wa B-17 idagwa ku Connecticut itanyamula anthu olipira kuti alaŵe ulendo, ndipo 7 mwa anthu 13 adafa. Ofufuza adapeza kuti, mwa zina, injini zake sizinkasamalidwa mokwanira. Pa 12 Novembala 2022 B-17 ina idaombana ndi ndege yaing'ono ya nkhondo pa chionetsero ku Dallas, anthu 6 n'kufa khamu likuona. Mu Meyi 2024 ndege ya Spitfire ya gulu la ku Coningsby idagwa nipha woyendetsa wake, ndipo ndege zina za gululo zidaimitsidwa kwa kanthaŵi. Ena amati chifukwa cha zimenezi zonse zitsekeredwe m'nyumba zosungiramo zakale. Maganizo ameneŵa ali ndi nzeru, koma apitirira muyeso. Ndege yodutsa mwaulemu, kutali ndi khamu, itayesedwa bwino, n'chinthu china. Ndege yodzaza alendo kapena yochita maseŵera pafupi ndi inzake kuti anthu akuwe n'chinanso. Chiliza sichifunika kupha anthu ena. Tsiku likadzafika lakuti chitsulo chatopa, eni ake adzayenera kuvomera kuti ndegeyo iziyenda pansi basi, monga yachitira ya pa East Kirkby zaka zonsezi, anthu osaleka kubwera.

Mbali ya Africa

Woŵerenga angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Dedza kapena ku Chipata. Zikumukhudza kuposa mmene mabuku a sukulu amanenera. Gulu loyamba kulandira Lancaster, kumapeto kwa 1941, linali la 44, limene linkatchedwa ndi dzina la Rhodesia. Arthur Harris adafika ku Southern Rhodesia mu 1910 ali mnyamata, nagwira ntchito pa mafamu, ndipo usilikali adauyambira komweko mu 1914. Kuyambira 1940, oyendetsa ndege oposa 7,000 adaphunzira ntchito yawo pa mabwalo a pafupi ndi mizinda imene lero ndi Harare, Bulawayo ndi Gweru. Mabwalo amenewo adalambulidwa ndi manja a anthu akuda, ambiri ochita kukakamizidwa, m'zaka zomwe amuna zikwizikwi a ku Nyasaland adali ku dziko limenelo kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Mkuwa wambiri umene Britain adafuna pa zida zake udakumbidwa ku Copperbelt, m'dziko limene lero ndi Zambia.

Analiponso anthu akuda amene adauluka. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone anali wolondola njira m'ndege yoponya mabomba ya mtundu wa Stirling; adaomberedwa mu Novembala 1943, nakhala mkaidi ku Germany mpaka 1945, ndipo pambuyo pake adadzakhala mmodzi wa akuluakulu a zamalamulo m'boma la dziko lake. Ndipo Lancaster ya ku Coningsby ija, imene Angerezi amaivulira zipewa, sidaponyepo bomba ngakhale limodzi. Idapangidwa mu 1945 nkhondo ili kutha, ndipo ntchito imene idagwira zaka zingapo inali yojambula zithunzi za dziko kuchokera mumlengalenga, kum'maŵa ndi kumwera kwa Africa, kuti atsamunda apange mapu.

Koma chachikulu n'chakuti Malaŵi nalo lili ndi anyamata ake amene adapita osabwerera. Amuna oposa 25,000 a ku Nyasaland adalembedwa usilikali pa nkhondo imeneyi, ambiri m'gulu la King's African Rifles. Adamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adatsika m'chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, akuthamangitsa asilikali a ku Japan. Iwo sadasiye ndege yoti zidzukulu zawo zikakweremo. Chimene chilipo ndi nsanja ya chikumbutso ku Zomba, ina ku Area 18 ku Lilongwe, mwambo wa mwezi wa Novembala, ndi magule monga malipenga, mganda ndi beni, amene mayendedwe ake ndi zovala zake zidatengera perete wa asilikali. Mnyamata wovina mganda atavala zoyera, akuliza badza, nthaŵi zambiri sadziŵa dzina la gogo amene adabwera ndi mayendedwe amenewo.

Kuiŵalika kotere si chinthu chongoganizira. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomera ndi kupepesa kuti anthu osachepera 116,000 amene adafa pa Nkhondo Yoyamba, ambiri a iwo a mu Africa, sadalembedwe maina awo monga adachitira ndi azungu. Pakati pa oiŵalika otereŵa pali amtengatenga, amene adasenza katundu wa nkhondo pamutu nafera m'njira. Dzina limene silidalembedwe pa mwala limakhala m'kamwa mwa achibale okha, ndipo m'kamwa mumatsekeka.

Pa ichi ndi pamene a Panton ali ndi phunziro kwa mphunzitsi wa ku Ntcheu ndi kwa mtsikana amene akudikira zotsatira za mayeso ake ku Mchinji. Iwo sadadikire boma. Adayamba ndi dzina limodzi, la mbale wawo. Mnyamata amene adalembedwa usilikali mu 1942 ali ndi zaka 18 adabadwa mu 1924, kotero kuti a msinkhu umenewo atsala pang'ono kutheratu. Koma ana awo alipo, ndipo iwonso tsitsi layera. M'midzi yambiri muli azakhali amene amasunga mendulo yadzimbiri kapena kabuku ka usilikali pansi pa sutikesi. Wophunzira atenge kope la masamba 40, akakhale nawo pa khonde, alembe dzina la msilikaliyo, mfunda wake, mudzi wake, nambala yake ngati ikudziŵika, kumene adapita, ndi mmene adakhalira atabwerako. Afunsenso zoŵaŵa, monga za amene adagwidwa mokakamiza kudzera kwa mafumu, ndi za anthu a ku Burma amene midzi yawo idasanduka bwalo la nkhondo ya eni ake. Mphunzitsi asonkhanitse makopewo, aŵasunge mu ofesi ya sukulu, ndipo sabata yachiŵiri ya Novembala ana aimirire pa asembule, aŵerenge mainawo mokweza, limodzilimodzi.